Kamavu ka ku Paraguay n'ka yani?

Chinangwa chophika chomwe timagula m'mawa kuno ku Kaliyeka, chothira mchere ndi tsabola, chili ndi ngongole yomwe palibe anaibweza. M'chaka cha 1985 kodikodi analowa m'minda ya ku Nkhata Bay. Nsonga za chinangwa zinkapiringizika, zitayera mbuu ngati wina wazithira ufa, ndipo anthu a kondowole anagona ndi njala. Chinawaombola ndi kamavu kakang'onong'ono kotchedwa Anagyrus lopezi, komwe kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi, mphutsi yake n'kumudya m'kati. Kanapezeka ku Paraguay, ndipo a bungwe la IITA, motsogozedwa ndi Hans Herren, anakaswanitsa n'kukamwaza m'maiko ambiri a mu Africa, kwina pa ndege.

Lero zotere siziyenda msanga. Pangano la ku Nagoya la mu 2010, lomwe Malawi analowamo mu 2014, limati wofuna kutenga chamoyo cha m'dziko la eni ayambe wapempha, ndipo agwirizane za kagawidwe ka phindu. Akatswiri olimbana ndi tizilombo amadandaula kuti mapepala amachedwa, mbewu zikutha kumunda.

Titakambirana zimenezi kumphakati, bambo wina wachikulire anangotsegula Salimo 24. Dziko ndi zonse za m'menemo n'za Mulungu, ndiye chilolezo n'chachiyani? Ndinawamvetsa, koma sindinavomere. Mawu amenewa amakoma kwambiri m'kamwa mwa wotenga. Anthu a mtundu wa San ankadziwa kalekale kuti chomera cha hoodia chimaletsa njala paulendo. Bungwe la CSIR la ku South Africa linalembetsa nzeruyo ngati yake, ndipo mgwirizano wogawana phindu unadza mu 2003, eni ake atachita kudandaula. Chinthu kukhala cha Mulungu sindiye kuti aliyense alowe pakhomo osanena odi.

Koma Mulungu yemweyo, mu Levitiko 19, analamula mwini munda kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyireko wosauka ndi mlendo. Rute, mkazi wa ku Mowabu, anapempha kaye asanayambe kukunkha m'munda wa Boazi. Anapempha ndithu, koma analoledwa tsiku lomwelo, barele akadali m'munda.

Kamavu kaja n'ka m'gulu la zokunkha. Ukakamasula kamodzi, kamadziswanira kokha, kamaoloka malire popanda chiphaso, ndipo palibe sitolo ingakagulitse. Phindu lake lili m'beseni la mayi wogulitsa chinangwa uja. Nanga a ku Paraguay tiwagawire chiyani, theka la beseni?

Kuyambira 2017 ntchemberezandonda zachilendo, zochokeranso ku America, zatikhalira m'timinda ta chimanga ta kuseri kwa nyumba. Ndimaona amayi akuthira dothi kapena phulusa m'nsonga ya phesi lililonse, ena msuzi wa usipa woitanira nyerere. Ambiri mwa adani a mbozi zimenezi anatsala kwawo, ndipo kuwatenga n'kudzera m'maofesi.

Nafenso tili ndi zathu zomwe ena adzazifuna, za m'nyanja ndi za m'phiri la Mulanje. Ine ndikanakhala pa desiki yopereka zilolezo, wodzapempha kachilombo kokapulumutsira minda ya kwawo ndikanangomufunsa dzina, komwe akupita nako, ndi lonjezo loti adzatiuze zomwe wapeza, n'kumudindira sabata yomweyo. Wa kampani yopanga mankhwala ogulitsa ndiye akhale pampando tiwerengerane bwinobwino.