Eliya Anafooka Mvula Itagwa Kale

Kuwerenga: 1 Mafumu 19:1-21

Musanapitirire, tsegulani Baibulo muwerenge mutu wonsewo, pakuti pano ndingofotokoza m'mawu anga.

M'nkhani ya Eliya muli chinthu chimene ndinakhala zaka zambiri osachiona, ngakhale ndinaiphunzitsa kangapo ku Sande Sukulu. Eliya sanafooke m'nthawi ya chilala. Zaka zitatu ndi theka kumwamba kuli gwa, munthuyu anali chiimire. Anamwa madzi a mtsinje wa Keriti mpaka unaphwa, anadya za m'nyumba ya mayi wamasiye wa ku Zarefati, anaima pa phiri la Karimeli pamaso pa aneneri a Baala 450. Moto unatsika, mvula inagwa. Zonsezi zitatha, uthenga umodzi woopseza wochokera kwa Yezebeli unamthawitsa mpaka ku Beereseba. Kumeneko anasiya mnyamata wake, nayenda tsiku lathunthu m'chipululu, nakhala pansi pa mtengo, napempha Mulungu kuti amchotsere moyo.

Ife a mu Lusaka chilala sitichita kuchiwerenga m'buku. Kolera inabuka mu Okutobala 2023, ndipo pofika Januwale 2024 bwalo la mpira la Heroes Stadium linasanduka chipatala. Anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Masukulu amene amayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale, ndipo ife aphunzitsi tinatha chaka chonse tikuthamangitsa masabata otayikawo ndi ana a Giredi 12. Mwezi womwewo, pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga chinauma m'minda, madzi anachepa ku Kariba, ndipo panali miyezi imene magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Amayi a masaluni ndi osoka zovala anakhala manja lende. M'nyumba zina zimene kale ankagula thumba la unga anayamba kugula pamela.

Kodi Chigwirizano chinatha m'masiku amenewo? Iyayi. Ndikuchitira umboni kuti m'dera lathu sindinaonepo amayi akugwira ntchito monga anagwirira chaka chimenecho. Tinasonkherana unga wa m'mbale kupatsa amasiye. Tinanyamula zidebe za madzi ndi sopo kupita nazo ku tchalitchi. Mayi mnzathu atataya mwana ndi kolera, a zaumoyo sanalole kuti tichezere pamaliro kapena kuphika monga mwa mwambo wathu, ndipo zinatiwawa kwambiri, koma tinapitabe awiriawiri masabata otsatira kukakhala naye pakhonde.

Ndiye mvula inabwerera. Chaka cha 2025 dziko linakolola chimanga chambiri. Ndipo ndi chaka chimenecho pamene ndinaona mabenchi a Chigwirizano akuyamba kuoneka mipata. Palibe amene anakangana ndi mnzake, palibe amene anatsazika. Mayi amangolephera sabata imodzi, kenaka ziwiri, kenaka mukumana naye pa msika wa Chilenje akuyang'ana kumbali ngati sanakuoneni. Ine ndinali mmodzi wa odandaula za amayi otere, kufikira tsiku limene ndinapezeka ndakhala pa tebulo usiku ndikulemba kalata yotula pansi udindo wa utumiki.

Ndikuuzeni zoona, panalibe chifukwa chachikulu. Mawu amodzi okha amene munthu wina analankhula pa msonkhano, okhudza kagawidwe ka thandizo la amasiye, ndiwo anandithyola msana. Chaka cha kolera ndikanawaseka mawu amenewo. Koma tsopano mphamvu zinali zitatha. Kuyambira 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, kalasi langa linadzaza kotero kuti mabuku oti ndichonge ndimawanyamula m'thumba la saka. Maphunziro aulere ndi chinthu chabwino, ndipo ndimathokoza poona ana amene akanakhala pakhomo ali m'kalasi, koma walira mvula walira matope. Masana kusukulu, madzulo kwa odwala, Loweruka kumaliro ku Leopards Hill, Lamulungu kuwerenga chopereka anthu onse atapita kukadya. Kalatayo ndinaipinda, ndinaiika m'Baibulo, ndipo ndinaleka kupita ku Chigwirizano.

Tsopano taonani zimene Mulungu anachita ndi Eliya pansi pa mtengo paja. Ine ndikanakhala mngelo uja ndikanayamba ndi chidzudzulo. Ndikanamkumbutsa za moto wa pa Karimeli, ndikanamfunsa kumene chikhulupiriro chake chapita. Mngelo sanatero. Anamleka agone, kenaka anamkhudza, namuonetsa mkate wootcha ndi madzi. Eliya anadya, nagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya, namuuza kuti ulendo umene uli patsogolo ndi woposa mphamvu zake. Funso loyamba la Mulungu linadza patapita masiku 40, ku phiri la Horebu.

Apa mpamene ife amayi a mpingo timalakwitsa kawirikawiri, ndipo ndikudziphatikizamo. Mnzathu akaleka kubwera, timapita kwawo titavala yunifomu, kabuku ka mayina kali m'manja, ndipo tisanakhale n'komwe tayamba kale kufunsa za zopereka zimene sanapereke. Timatcha kutopa kuti kubwerera m'mbuyo. Inde, kubwerera m'mbuyo kuliko, ndipo tchimo tiyenera kulitchula dzina lake. Koma mayi amene wadzuka 4 koloko kukapikula tomato ku Soweto Market, amene akulera adzukulu atatu a mwana wake womwalira, amene kaloba akumusowetsa tulo, akalephera kubwera tisafulumire kunena kuti wataya Yesu. Yakobo 5:17 akutikumbutsa kuti Eliya anali munthu monga ife tomwe. Thupi ili analiumba ndi Mulungu, ndipo Iye amadziwa pamene lalema.

Kwa ine mngelo anali agogo ena a m'dera lathu, opitirira zaka 70, oyenda ndi ndodo. Anafika Loweruka lina masana ndi chibwabwa ndi nsinjiro m'kapulasitiki. Ndinafuna kuyamba kupepesa, koma anati, "Aphunzitsi, mbaula ili kuti? Inu kagoneni." Ndinachita manyazi, mayi wamkulu ngati ine kuphikiridwa ndi nkhalamba m'nyumba mwanga, koma ndinagona, ndipo nditadzuka ndinadya. Sanatsegule Baibulo tsiku limenelo, anangopemphera mawu ochepa potsazika. Sabata yotsatira anabweranso. Ulendo wachitatu ndi pamene anafunsa kuti, "Mwana wanga, nanga chakukhazika m'nyumba muno n'chiyani?"

Yankho langa linali la Eliya lenileni. Mukawerenga vesi 10 ndi vesi 14 mupeza kuti mneneriyu anadandaula kawiri ndi mawu omwewo: wagwira ntchito modzipereka, anthu ataya pangano, ndipo watsala yekha. Inenso ndinatero. Ndinati zonse ndimachita ndine, palibe wothandiza, palibe woyamika.

Koma kodi Eliya anatsaladi yekha? M'mutu 18 anali atakumana ndi Obadiya, kapitawo wa m'nyumba ya Ahabu, amene anabisa aneneri 100 m'mapanga nawadyetsa m'nthawi ya njala yomweyo. Eliya anamva zimenezi ndi makutu ake, koma mtima wofooka umaiwala. Ndipo Mulungu anamuuza za anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, amene Eliya sankawadziwa n'komwe. Agogo aja anachita chimodzimodzi ndi ine. Anayamba kuwerenga pa zala: mayi wakuti amene amasambitsa wodwala sitiroko m'mawa uliwonse asanapite ku ntchito, mtsikana wakuti amene amalipirira mwana wamasiye yunifomu ya sukulu mwakachetechete, mayi wina amene sanaphonyepo kukaona odwala kuchipatala. Zonsezi zinkachitika m'dera langa lomwe, ine mtumiki osadziwa. Ndinazindikira kuti m'kutopa kwanga munabisala kunyada. Ndinkayesa kuti ntchito ya Mulungu ku Chilenje yakhazikika pa mapewa anga.

Pa Horebu panadza mphepo yong'amba miyala, chivomezi ndi moto, koma Yehova analankhula zonsezi zitapita, mwakachetechete. Ndipo zimene ananena sizinali zotonthoza monga timayembekezera. Anamtuma Eliya kubwerera, namupatsa ntchito, ndipo mwa ntchitozo munali kudzoza Elisa kuti adzalowe m'malo mwake. Yezebeli anali akadali pampando. Chimene chinasintha n'chakuti munthu amene anasiya mnyamata wake ku Beereseba kuti akafe yekha, tsopano anapeza Elisa akulima, namponyera chofunda chake, ndipo anayenda awiri.

Mpingo wathu ukuidziwa njira imeneyi kuchokera pachiyambi. Uthenga unafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. Mu 1905 mayi Issie Hofmeyr, mkazi wa mmishonale, anayamba kuphunzitsa osaona kumeneko, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'dziko muno. Anamwalira mu 1910, patangopita zaka zisanu. Akanayesa ntchito yake ndi zimene anaona ndi maso, bwenzi akunena kuti palibe chimene chachitika. Koma mayi wina, Ella Botes, anainyamula ntchitoyo naipitiriza zaka zambiri, ndipo mu 1955 panatsegulidwanso sukulu ya osamva. Ana akuphunzirabe ku Magwero mpaka lero. Mayi Hofmeyr sanaone zimenezi, monganso Eliya sanaone zonse zimene anatumidwa pa Horebu zikukwaniritsidwa m'masiku ake. Zina anazitsiriza ndi Elisa.

Kalata ija sindinaipereke. Koma sindinabwererenso monga ndinalili. Ndinapita kwa Abusa ndi Amayi Busa kukanena poyera kuti ndalema, mawu amene m'zaka zonse za utumiki wanga ndinali ndisanawatchulepo. Tinagwirizana kuti mndandanda wa amasiye ndiziusunga pamodzi ndi mayi wina wachitsikana amene analowa Chigwirizano posachedwa. Amalemba mosiyana ndi ine, amagwiritsa ntchito foni pamene ine ndimakonda kope langa lachikuto cholimba, ndipo nthawi zina ndimaluma mlomo kuti ndisamulande ntchitoyo. Munthu uja amene anandilankhula mawu opweteka sanapepese, ndipo timakhala benchi limodzi pa Mgonero. Ndikupempherabe za mtima wanga pa nkhani imeneyi. Mabuku oti ndichonge sanachepe.

Pempho langa kwa inu, amayi anzanga, ndi ili. Tsiku la Chigwirizano likubwerali, yang'anani pa benchi muone malo a yani ali opanda munthu. Mupiteko sabata yomweyo, awiri basi, osati gulu lonse. Kabuku ka zopereka mukasiye kunyumba. Tengani kandiwo, kapena kapaketi ka shuga, kapena manja anu okha kuti mukamchapire. Ulendo woyamba musamufunse chifukwa chimene sakubwerera. Ndipo ngati amene watopayo ndinu, ndipo muli ndi kalata yanu m'Baibulo monga ndinalili ine, mnzanu akagogoda mutsegulireni, mumulole aphike.

Agogo aja miyendo yawakanika tsopano, safikanso ku tchalitchi. Loweruka likubwerali ndi ulendo wathu, ine ndi mtsikana wa mndandanda uja, ndipo chibwabwa ndagula kale.