Kodi Ubwino wa Mzinda Ungayesedwe pa Sikelo?

Chiyambire chaka cha 2011, pamene kampani ya Copenhagenize ya ku Denmark inayamba kundandalika mizinda ya pa dziko lapansi monga mwa ubwino wake kwa opalasa njinga, akuluakulu a mizinda akhala akutchera khutu kuti amve pamene aikidwa. Amsterdam anakhala patsogolo mu 2011 ndi mu 2013, Copenhagen namulanda mpando mu 2015. Ndipo ku America bungwe la League of American Bicyclists limaveka mizinda ulemu wa mkuwa, siliva, golide ndi platinamu, ndipo woyamba kulandira wa platinamuwo unali mzinda wa Davis wa ku California mu 2005. Ntchito imeneyi sindiinyoza konse, pakuti wolamulira wogona tulo amadzidzimuka msanga akamva kuti mnansi wake wamuposa. Chimene chindivutitsa mumtima ndi ichi: kodi ubwino ndi chinthu chophatikizika, kotero kuti kukoma kwa misewu yambiri kungathe kulipirira kuipa kwa msewu umodzi?

Oyesawo amawerenga zowerengeka: kutalika kwa tinjira ta njinga, malo oziimikapo, malamulo ndi ndalama za mzinda, kuchuluka kwa opalasa ndi ngozi zolembedwa, akaziphatikiza zonse, atulutsa chiwerengero chimodzi. Koma mwana wopita kusukulu sayenda pa chiwerengero chophatikizacho. Ayenda pa msewu wakutiwakuti, ndipo ngati pa ulendo wake wonse, wosalala ndi wotchingidwa bwino, pali mphambano imodzi yokha pamene lole imakhota modula njira yake, amake sadzamulola kupita, ndipo makilomita okomawo kwa iye ali ngati kulibe. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A bungwe la PeopleForBikes achita bwino poyesa ngati munthu angafikedi kusukulu kapena kuntchito podzera m'misewu yodekha yokhayokha, ngakhale kuti nawonso pomaliza amapanikiza mzinda wonse m'chiwerengero chimodzi.

Kuchuluka kwa opalasa nakonso kuli mboni yosakhulupirika. Wakabaza wa ku Salima wosenza matumba a chimanga m'mphepete mwa phula sali pamenepo chifukwa msewu wamukomera, koma chifukwa cha kusowa kochitira.

Ndipo pali khamu lina lalikulu limene sikelo siilikhudza n'komwe. Roger Geller, woyang'anira za njinga mu mzinda wa Portland, anagawa anthu m'magulu anayi, nayerekeza kuti pafupifupi anthu 60 mwa 100 alionse amafuna kupalasa, koma mantha awagwira. Amenewa sagundidwa, salowa m'buku la ngozi, sadutsa pa makina owerengera njinga. Kotero msewu woopsa kopambana ungaoneke wopanda mlandu, popeza mantha anathamangitsamo kale nkhalamba, ana ndi amayi obereka. Apa ndikumbukira mbusa wa m'fanizo la Ambuye, amene anali nazo nkhosa 99 zosungika bwino, chiwerengero chimene woyesa aliyense akadachiveka golide, koma iye mtima sunakhale pansi chifukwa cha imodzi yosowayo. Ndikhulupirira kuti chilungamo chimawerenga monga mbusayo, kuyambira pa wosowa, ndipo wolamulira amene apachika chikalata chaulemu pakhoma naleka kufunsa za amene sanatuluke m'nyumba, wasandutsa muyeso kukhala fano.

Misewu ya ku Netherlands, imene lero oyesa aitamanda, siinabadwe ndi mpikisano wa mizinda. M'chaka cha 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pa misewu ya dzikolo, mwa iwo ana oposa 400. Ndipo makolo osweka mtima anadzuka pansi pa dzina la Stop de Kindermoord, ndiko kuti lekani kupha ana, natseka misewu ndi matupi awo, naumiriza boma, kufikira linayamba kuchepetsa liwiro la galimoto m'madera okhala anthu ndi kulekanitsa njinga ndi galimoto pa misewu ikuluikulu.