Kodi Coonadi Cili ndi Malikisi Angati?

Kumayambiriro kwa kosi iliyonse pa yunivesite, ophunzira amalandira pepala lofotokoza zimene adzaphunzire ndi momwe adzayesedwere. Ambiri amathamangira kumunsi kwa pepalalo, pomwe pali manambala: asainimenti malikisi akuti, tesiti akuti, nchito ya pagulu akuti, mayeso omaliza akuti. M'makosi ambiri a kuno kwathu, nchito za m'kati mwa caka zimatenga malikisi 40 kapena 50 pa 100, otsalawo n'kusiyira mayeso omaliza. Pamakhalanso malamulo a kuculuka kwa mawu, kachulidwe ka mabuku amene munthu wawerenga, tsiku lomaliza kupereka nchito, ndi cilango ca wocedwa kapena wokopera. Timaliona ngati pepala wamba la mu ofesi. Komatu pamene mphunzitsi wagawa malikisi 100, wanena poyera cimene iye amaciyesa ca mtengo ndi cimene alibe naco kanthu. Ophunzira amamva uthenga umenewo msanga kuposa phunziro lina lililonse.

Nkhaniyi imakula tikafika pa maphunziro a kutsatsa malonda, amene ambiri amangowachula kuti marketing. Phunziro loyamba m'kosi imeneyi ndi lakuti udziwe wogula wako, umupatse cimene akufuna. Wophunzira wocenjera amaligwiritsa nchito tsiku lomwelo: wogula wake ndi mphunzitsi, katundu wake ndi asainimenti, ndipo ndalama yake ndi malikisi. Sitingamudzudzule, wamva phunziro. Ngati pepala likuti malikisi ali pa zinthu zinayi zimene E. Jerome McCarthy anazindandalika mu 1960, ndizo katundu, mtengo, malo ogulitsira ndi kalengezedwe, iye adzapereka zinayizo bwino lomwe, cina osawonjezapo. Funso langa ndi ili: ngati pa malikisi 100 palibe ngakhale amodzi a coonadi, kodi kosi imeneyi ikuphunzitsa ciani za coonadi?

Tiyerekeze kuti kalasi yauzidwa kulemba pulani yotsatsira cigwa ca Luangwa kwa alendo akunja. Katundu wake ndi wosavuta kumutamanda. Paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa monga paki ya dziko mu 1972, ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 9,050, ndipo geti lake lalikulu lili ku Mfuwe, m'boma la Mambwe. Kuli anyalugwe, mvuu zosawerengeka, ndi nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse m'thengo koma m'cigwa cimeneci. Wophunzira woyamba walemba pulani yosalala. Wasankha ogula ake, anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America, waika mtengo m'madola, ndipo uthenga wake ndi wakuti bwerani ku thengo limene phazi la munthu silinapondemo. Mabuku wawachula mwadongosolo, tsiku sanaphonye. Malinga ndi pepala lija, ameneyu ndi wa A.

Wophunzira waciwiri anakulira ku Malambo komweko. Amadziwa kuti kutsidya lino la mtsinje kuli Akunda ndi mafumu awo asanu ndi mmodzi: Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Amadziwa kuti dera la Lupande, lomwe limachinga paki, ndi la midzi ndi minda, ndiponso kuti cimanga cikayamba kukhwima anthu amagona m'misasa kumunda, kuomba zitini ndi kufukiza tsabola kuti njovu zisathe cakudya ca caka conse usiku umodzi. Pulani yake yachula zonsezi, yafunsanso kuti pa dola imene mlendo wasiya, ndi zingati zimafika kwa mwini munda. Koma mawu apyola muyeso, ndipo gawo la kalengezedwe ndi lofooka. Malinga ndi pepala lomwe lija, ameneyu ndi wa C.

Wina anganene kuti woyamba uja sananame, wangosankha zokoma monga amacitira aliyense wotsatsa malonda. Koma pali kusankha kumene kumafafaniza anthu. Mbiri yeniyeni ya zokopa alendo m'cigwaci inayamba ndi anthu. Ca mu 1950, Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti gawo la dziko la mfumuyo lipatulidwe kukhala la nyama, ndipo ndalama za alendo zinayenera kubwerera kwa anthu ake. Cithunzi ca thengo lopanda munthu cimacotsa mwini dziko pa nkhani imene iye anaiyambitsa. Cimakhalanso ndi zotsatira zake, pakuti mlendo amene wauzidwa kuti kulibe anthu sadzafunsa za iwo, ndipo akaona mudzi pafupi ndi paki adzauyesa cosokoneza. Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala logawira malikisi limene limayang'ana khungu lokha la mkuyu likuphunzitsa ana athu kupukuta khungu.

Komabe mbali inayo ili ndi mawu amphamvu, ndipo ine monga munthu amene ndimaconga mapepala a ana asukulu sindingawapeputse. Mu 1912, Daniel Starch ndi Edward Elliott a pa yunivesite ya Wisconsin anatumiza zimangirizo ziwiri za Cingerezi kumasukulu ambiri kuti aphunzitsi aziconge. Aphunzitsi 142 anayankha. Cimangirizo cimodzi cinapatsidwa malikisi kuyambira 64 mpaka 98, cinaco kuyambira 50 mpaka 97. Pepala limodzimodzi, wina walilepheretsa, wina walikweza kumwamba. Mndandanda wogawira malikisi unabwera kudzacepetsa vuto limeneli. Umateteza wophunzira kwa mphunzitsi wotopa, kwa mphunzitsi wokondera, ndi kwa mphunzitsi amene sakonda dzina la mtundu wakutiwakuti. Kucokera mu 2022, pamene maphunziro aulere anadzaza makalasi athu, aliyense woconga mulu wa mapepala amadziwa kuti pepala loyamba ndi lomaliza sizikumana ndi maso ofanana. Tsono ngati aphunzitsi amasiyana malikisi oposa 30 pa cimangirizo wamba, adzasiyana motani tikawauza kuti aconge cikumbumtima?

Pali cenjezo linanso. Mu 1975, katswiri wa zacuma Charles Goodhart anaona kuti muyeso ukasanduka cinthu cimene anthu akucithamangira, umaleka kuyesa zoona. Zimenezi timaziona m'kalasi masiku onse. Mukangonena kuti pali malikisi khumi a khalidwe labwino, asainimenti iliyonse idzathera ndi ndime yotamanda anthu a m'midzi ndi cilengedwe, yolembedwa mphindi zisanu isanaperekedwe. Wophunzira woyamba uja adzailemba bwino kuposa waciwiri, pakuti luso lake ndi lomwelo lopatsa wogula cimene akufuna. Tikatero tangowonjezera cinyengo pamwamba pa cinyengo, ndipo taphunzitsa kuti ukoma nawo ndi katundu wotsatsa.

Mfundo ziwirizi ndi zoona, koma zimangotiletsa kuconga mtima wa munthu. Sizitiletsa kuconga umboni. Pali mafunso atatu amene mphunzitsi aliyense angathe kuwaconga mosakondera, monga momwe amacongera kachulidwe ka mabuku. Loyamba: kodi ciliconse cimene pulaniyi ikulonjeza wogula cingasonyezedwe kuti ndi coona? Wolemba kuti thengoli silinapondedwe ndi munthu aonetse mapu opanda midzi. Akalephera, malikisi acoke monga amacokera pa samu yolakwika. Laciwiri: kodi wolemba walankhula ndi ndani mwa anthu amene malondawa adzawakhudza, ndipo anati ciani? Lacitatu: kodi ndani akulipira mtengo umene sunalembedwe pa risiti? Mayankho a mafunso awa alipo kapena palibe. Ndime yotamanda siingalowe m'malo mwake.

Ndipo mafunsowa sali ulaliki wolowetsedwa m'kosi ya malonda kudzera pawindo. Ndi luso la malonda lenileni, ndipo umboni wake uli m'cigwa momwemo. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis analiyambitsa mu 2003, linayamba ndi funso lacitatu lija. Linaona kuti ambiri ochera misampha ndi alimi amene cakudya cawathera. Linayamba kugula mbewu kwa alimi amene avomera kupereka misampha ndi mfuti zawo ndi kulima mosamala nthaka, n'kugulitsa ciponde, uci ndi mpunga wa ku Chama m'masitolo a m'tauni pa dzina lakuti It's Wild! Cimene wogula wa ku Lusaka akulipira ndi ciponde pamodzi ndi nkhani yake, ndipo nkhaniyo ili ndi mtengo pokhapokha ngati ndi yoona. Starch yemwe uja, atasiya za malikisi, anakhala mmodzi wa oyambitsa kafukufuku wa zotsatsa malonda, ndipo m'buku lake la mu 1923 anaika kukhulupirika pakati pa zinthu zimene cilengezo ciyenera kukhala nazo kuti cigwire nchito. Wogula amanamizidwa kamodzi kapena kawiri. Kosi imene siyesa coonadi ikutulutsa akatswiri a malonda a tsiku limodzi.

Pa malamulo a tsiku lomaliza, maganizo anga ndi ena pang'ono. Ambiri amene akucita madigiri a zamalonda masiku ano amaphunzira ali kwawo, akugwira nchito, ndipo asainimenti amatumiza pa intaneti. Wa ku Lusaka ndi wa ku Malama amapatsidwa ola limodzimodzi la pakati pa usiku, ngakhale kuti wina ali ndi netiweki m'cipinda cogona pomwe mnzake amaifuna pacitunda, ndipo mvula ikagwa mitsinje imamutsekera njira. Mu 2024, cilala citaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, ndipo kusiyanaku kunaonekera poyera. Pamenepa cifundo n'cofunika. Koma cifundoco cilembedwe pa pepala lomwe lija tsiku loyamba: zifukwa zovomerezeka ndi izi, umboni wake ndi uwu, masiku owonjezera ndi awa, kwa aliyense. Cifundo cimene cimakhala m'thumba la mphunzitsi cimafika kwa okhawo odziwa kugogoda pa citseko cake, ndipo posakhalitsa cimasanduka msika wamseri momwe malikisi amagulidwa ndi ndalama kapena ndi thupi. Lamulo louma limapweteka wakutali, koma cifundo cobisika cimapweteka wamanyazi ndi wosauka, amene nthawi zambiri ndi munthu yemweyo.

N'cimodzimodzi ndi nchito ya pagulu. N'zoona kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe kampani imene imatsatsa malonda ndi munthu mmodzi. Koma anthu asanu akapatsidwa malikisi ofanana pamene denga analisenza ndi awiri, atatu enawo alandira cikalata conena zimene sanacite. Kufunsa aliyense payekha kwa mphindi zocepa za gawo limene analemba kumatenga nthawi, koma kumabwezera tanthauzo ku nambala.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Malikisi nawo ndi cilengezo ca malonda. Yunivesite ikalemba A pa cikalata, ikuuza wolemba nchito wa ku Chipata, wa ku Mfuwe kapena wa ku Johannesburg, amene sanaonepo asainimenti ngakhale imodzi, kuti munthu uyu mungamudalire. Wolemba nchitoyo amagula pokhulupirira cizindikiro, monga momwe timagulira botolo lolembedwa kuti uci osalitsegula. Conco mphunzitsi wa marketing ali pansi pa lamulo lomwelo limene ayenera kuphunzitsa: cimene calembedwa kunja cikhale cimene cili m'kati. Sindikunena kuti wophunzira waciwiri uja apatsidwe A cifukwa ca kumene anabadwira. Gawo lake la kalengezedwe ndi lofooka, ndipo ayenera kuuzidwa zimenezo mosabisa, pakuti anthu a ku Malambo sadzathandizidwa ndi pulani yoona imene siigulitsa kanthu. Cimene ndikunena ndi cakuti woyambayo sayenera kufika pa A ndi lonjezo limene sangalisonyeze. Onse awiri ali ndi cosowa, ndipo sikelo yolungama iyenera kuonetsa zosowa zonse ziwiri.

Kwa anzanga amene mukuyamba kosi yotere, pepala lija likafika, werengani manambala monga mwa masiku onse. Kenaka kwezani dzanja, mufunse mwaulemu kuti ngati pulani ili yokongola koma ikulonjeza cinthu cabodza, imataya malikisi angati. Mphunzitsi wabwino adzakondwera ndi funsolo, ndipo mwina caka camawa yankho lake mudzalipeza litalembedwa kale pa pepalapo.