Kodi Mnansi Wanga Ndani pa Nthawi ya Mliri?

Covid-19 idalowa m'Malawi m'chaka cha 2020, ndipo kolera idasautsa Chikwawa ndi Nsanje m'chaka cha 2022. Nthenda siyamba yafunsa mbiri ya munthu. Nanga ife tifunsirenji? Pakati pathu alipo amuna okondana ndi amuna anzawo, ndi akazi okondana ndi akazi anzawo. Lamulo la dziko liwaopseza ndi ndende, kotero ena aopa kupita kuchipatala. Koma Katekisimu wa Eklezia, ndime 2358, atilamula kuwalandira mwaulemu ndi mwachifundo. Msamariya uja sadafufuze machimo a wovulalayo. Adangomanga mabala ake. Tsono inu akatekisiti ndi a m'miphakati, wina wotere akadwala, mumphikire phala, mumperekeze kuchipatala, ndipo musunge chinsinsi chake. Kuweruza nkwa Mulungu. Kudwazika odwala nkwathu.