Ndani Adaikalambitsa Kompyuta Yanga?

Pa 14 Okotobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyuta ochuluka m'maofesi ndi m'makomo. Tsikulo palibe kompyuta imene idazima. Chidasintha n'chakuti mmisiri amene ankabwera kudzamata ming'alu ya khoma adalengeza kuti sabweranso mwaulere, ndipo mbava zoboola nyumba kudzera pa intaneti zidaumva nawo uthengawo.

Langizo lake n'losavuta kulinena: samukirani ku Windows 11, imene idatuluka mu 2021. Koma nyumba yatsopanoyo ili ndi mlonda pachipata. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo makompyuta ambiri opangidwa 2018 isanafike amabwezedwa. Kwa ife kuno ku Mulanje, amene laputopu timaigula itatumikira kale munthu wina ku Ulaya kapena ku Joni, kusamuka kotero n'kugula makina ena basi. Chigwereni cha kwacha ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023, wantchito wa m'boma ngati ine amaufunsa mtengo kawiri n'kutuluka m'sitolo mwaulemu.

Ndidaleredwa ndi anthu osataya chinthu. Khasu likachepa ndi kulima ankapatsa mwana kuti aphunzirire kupalira. Chitenje chikatha chinkasanduka nkhata. Kwa iwo kutaya chinthu chamoyo kudali kunyoza thukuta la amene adachigula. Khasu limakalamba ndi nthaka ndipo mwiniwake amaona yekha. Nanga kompyuta imene ikulemba bwinobwino, yakalamba bwanji? Yakalamba ndi chilengezo cha munthu wakutali amene sadaionepo. Mu 2023 akatswiri a Canalys adayerekeza kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni akhoza kusanduka zinyalala chifukwa cha chilengezo chimodzichi. Mtima wanga umakana, ndipo sindikuganiza kuti ukulakwa.

Komatu pali funso limene kusataya kwa makolo sikundiyankhira: ndikaumirira chakale, amene adzalire tsoka likagwa ndani? Khasu losweka limapweteka wolimayo. Kompyuta ya patebulo la boma imasunga anthu ena. Namondwe wa Freddy atasakaza boma lino mu Malichi 2023, mayina a anthu amene nyumba zawo zidapita ndi madzi adalembedwa m'makompyuta ngati amenewa: mudzi, mfumu, nambala ya chiphaso cha unzika, chiwerengero cha ana. Mayi wa m'tsinde mwa phiri amene adatchula dzina lake kwa kalaliki sadafunsidwe ngati akulola kuti lisungidwe m'nyumba yopanda loko. Adangokhulupirira.

Zoterezi zidachitikapo kale. Mu Meyi 2017 kachirombo ka WannaCry kadatseka makompyuta m'maiko oposa 150. Ku England zipatala za boma zidalephera kuona odwala masauzande amene adali atapatsidwa kale masiku. Chowawa n'chakuti chigamba chotsekera ng'anjo imene kachiromboko kadalowera chidali chitatuluka mu Malichi, miyezi iwiri m'mbuyomo. Amene adazengereza kuchiika adali ndi zifukwa zomveka ngati zangazi: ndalama palibe, makina akugwirabe ntchito, tiona mwezi wamawa. Pakadafunda padajiwitsa galu. Kusiyana kwake n'kwakuti pano wojiwa sadali galu wogonayo. Adali wodwala pamzere.

Choncho kusataya, kumene kunyumba n'khalidwe labwino, mu ofesi kukhoza kukhala kusasamala kovala malaya aulemu. Alimi a tiyi amadziwa zimenezi mwanjira yawo. M'minda yozungulira phirili amazula tiyi wakale akadaphukabe n'kubzala mbewu zabwino zonga zimene akatswiri a ku Mimosa adapeza, kenako amadikira zaka munda usanabweze ndalama. Sazula minda yonse tsiku limodzi, ndipo sachita chifukwa chotengeka ndi chatsopano. Amawerengera za okolola a m'tsogolo. Mwayi wawo ndi wakuti nyengo yozulira amasankha okha. Ife idatisankhira kalendala ya eni pulogalamu.

Ndiye funso limodzi lija ndaligawa pawiri. Laputopu yanga yakunyumba, mmene muli nkhani zanga zosatha ndi zithunzi za ana, siipita kudzala. Mnyamata wina wa ku Chitakale adandiikiramo Ubuntu, pulogalamu yaulere imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu m'kamwa mwa Azulu. Imayenda bwino m'makina okalamba, ngakhale sabata yoyamba ndinkasochera ngati mlendo pamsika wa ku Limbuli, ndipo makina osindikizira adachita kunyengereredwa.

Ya ku ofesi si yanga, ndipo zimene zili m'katimo si zanga. Pa imeneyo ndilibe ufulu woonetsa kuti ndine mwana wa anthu osataya. Kalata yopempha makina ena ndidalemba; ikudikira chaka cha ndalama za boma chimene chimayamba mu Epulo. Pakadali pano chingwe cha intaneti ndidachizula, fulashi ya mlendo siilowamo, ndipo malipoti ndimakatumizira pa kompyuta yatsopano ya mnzanga wowerengera ndalama, amene masiku ano akangondiona pakhomo amayamba wapumira m'mwamba kenako n'kundisiyira mpando.