Tsiku limene ndinaseka wapolisi atavulala

Abale ndi alongo, lero ndikufuna kuulula kanthu kena.

Ndimakhala ku Pangani mumzinda wa Nairobi, kufupi ndi Mathare kumene amayi ambiri aikapo m'manda ana awo ophedwa ndi apolisi. Mu Juni 2024, achinyamata a ku Kenya anadzaza m'misewu kukana bilu yokweza misonkho. Pa 18 Juni, chitini cha utsi wokhetsa misozi chinaphulikira wapolisi wina m'manja, manja onse awiri n'kuduka. Nditaona kanema wake pafoni ndinaseka, mumtima n'kumati, "Wakolola zomwe anafesa."

Patangopita masiku awiri, Rex Masai, mnyamata wa zaka 29, anawomberedwa pa zionetserozo n'kumwalira. Ndinalira. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinadzifunsa kuti: mtima womwewu ukulira bwanji magazi a uyu, pomwe dzana unaseka magazi a uja?

Kwathu njira imeneyi tikuidziwa kumene imathera. Mu Okutobala 2019, anthu okwiya anapha wapolisi Usumani Imedi pomugenda ku Msundwe. Pobwezera, apolisi ena anakagwirira amayi ndi atsikana ku Msundwe ndi M'bwatalika. Ogenda anangoona yunifolomu, ogwirira anangoona adani. Palibe anaona mwana wa munthu.

Sindikunena kuti tizikhala chete. Wowombera munthu wopanda chida akayankhe kukhoti, ndipo khoti linachita bwino mu 2020 polamula kuti amayi 18 a ku Msundwe apatsidwe chipukutamisozi. Chifundo sichifafaniza mlandu. Koma ndikayamba kusangalala ndi ululu wa wina, chomwe ndikufuna si chilungamonso, ndi kubwezera.

Kumbukirani ku Getsemane. Yesu anadzudzula amene anabwera kudzamugwira ndi malupanga ndi zibonga, koma anachiritsanso khutu la Malko limene Petro anadula. Anachita zonse ziwiri usiku umodzi.

Masiku ano ndikamadutsa pa polisi ya Pangani ndimayang'ana nkhope, osati mfuti zokha. Ambiri ndi anyamata a msinkhu wa mng'ono wanga. Mkwiyo ndikadali nawo. Koma ndikamapempherera mayi ake a Rex, ndimatchulanso wapolisi uja amene anaduka manja. Pemphero lachiwirili limandivutabe, abale. Mundipempherere.