Kodi Misozi ya Munthu Mwini Wake Ndani?

Chaka china, nthawi ya mwera, kwathu ku Nkhotakota kudabwera mayi wina wakunja wojambula kanema. Ankafuna kuonetsa dziko chimene chimachotsa anyamata a m'mbali mwa nyanja kupita ku Joni. Popeza ndimadziwako Chingerezi, adandilemba ntchito yomasulira, ndipo ndidapita naye kwa azakhali anga, amene mwana wawo adamwalira ku Durban n'kubwera kumudzi ali m'bokosi.

Azakhali adalankhula kwa maola awiri. Adafotokoza za usipa umene udayamba kuchepa m'chilimila, ndi za ngongole imene adatenga kuti mnyamatayo akwere basi. Adalozanso monyadira malata a nyumba yawo, nati mlongo wake adamaliza Folomu 4 ndi ndalama za ku Joni komweko. Adalira kamodzi kokha. Kanemayo atatuluka, azakhali adaonekamo mphindi zitatu, ndipo zonsezo zidali za misozi.

Kuchokera tsikulo funso limandisowetsa tulo: kodi adalakwa mayi uja?

Sindingathamangire kumuweruza. Mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa, ndipo pali zilonda zimene eni akefe timaziphimba ndi chitenje. Mu 2024 BBC Africa Eye idaonetsa kanema wa amayi a ku Malawi amene ankazunzika pa ntchito za m'nyumba ku Oman. Ambirife tidadzidzimuka, ngakhale kuti amayiwo adachoka m'midzi yathu yomwe. Chikhala kuti kamera sidafike, kulira kwawo kukadathera m'khitchini mwa mabwana awo.

Koma kamera yomweyo imagulitsanso munthu. Mu 2022 tidamva za ana a ku Njewa, ku Lilongwe, amene ankajambulidwa akunena mawu odzinyoza m'chiyankhulo chimene sankachimva, wina n'kumapeza nawo phindu. Mayi wathu uja sadali wotero, komabe iye adakwera ndege ndi nkhani, azakhali n'kutsala pakhonde.

Ife a ku Linga nkhani imeneyi si yachilendo. Pagombe lino ndi pamene Jumbe ankakweza akapolo m'zombo kuwaolotsa nyanja, ulendo wa ku Kilwa. M'zaka za m'ma 1860 David Livingstone adafika pano, nalemba zimene adaona, ndipo zolemba zakezo zidathandiza kuti malonda oipawo athe. Timamuyamika. Koma alendo akabwera timawaonetsa mkuyu wa Livingstone, pamene mwa anthu omangidwa m'magoli aja palibe ndi mmodzi yemwe amene tingamutchule dzina. Wofotokoza amakumbukika, wofotokozedwa amasanduka chiwerengero. N'chimodzimodzinso ndi amuna a Wenela amene adafa pa ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974: timakumbukira kuti Kamuzu adaletsa ulendo wa kumigodi, koma osati zimene amunawo ankafuna kudzagulira mabanja awo.

Apa ndi pamene ndaima. Kujambula mavuto a mnzako si tchimo. Tchimo ndi kum'chepetsa munthu mpaka atsale mavuto okhaokha. Msuweni wanga sadangothawa umphawi ayi. Adawerengera, adasankha, ndipo zina mwa zimene adafuna zidatheka. Kanema wobisa zimenezi amapempha chifundo kwa oonera, koma amam'landa womwalirayo ulemu wake.

Chala ndikachiloza kwa mlendo, zitatu zikuloza ine. Iye atandiuza kuti ndiwafunsenso za tsiku limene bokosi lidafika, ndidadziwa chimene ankadikira. Ndidafunsa ndithu, kachiwiri ndi kachitatu, poganizira malipiro anga a tsikulo.

Nditawaonetsa kanemayo pa foni, azakhali adaonera mwakachetechete mpaka kumapeto. Kenaka adandibwezera foniyo nati, "Mwanangu, nanga malata aja sadawaone?"

Mpaka lero sindidawayankhe.